Muyeso umene mpingo wabwereka pamsika

Akhristu akamakangana za chikhalidwe cha masiku ano, kawirikawiri mkangano wawo umathera pa zinthu zooneka ndi maso komanso zomveka m'makutu. Ena amadandaula za kavalidwe ka achinyamata, ena za magitala ndi ng'oma zimene zalowa m'malo mwa nyimbo za m'buku, enanso za mafoni amene amawala m'manja mwa anthu ulaliki uli m'kati, ndipo a mbali inayo amayankha kuti Mulungu amayang'ana mumtima. Mkangano umenewu ndi wakalekale, ngakhale kuti m'badwo uliwonse umauyamba ngati wachilendo. Ine ndikuona kuti pamene tatanganidwa ndi nsalu ndi zoimbira, pali chinthu china chachikulu chimene tinalandira kwa dziko osachifunsa n'komwe, ndicho muyeso woyezera ngati ntchito ya Mulungu ikuyenda bwino. Lero mpingo umatchedwa wodalitsika chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, kukula kwa nyumba yopempherera, kutchuka kwa mbusa ndi chiwerengero cha oonera pa intaneti, ndipo miyeso imeneyi ndi yomweyo imene kampani ya malonda, woimba wa m'mabwalo ndi chipani cha ndale amadziyezera.

Kubwereka pakokha si tchimo, ndipo mpingo umene sunabwerekepo kanthu kwa anthu ouzungulira sunayambe wakhalako. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki chimene amalonda ndi anthu wamba ankalankhula m'misewu. Msonkhano wa ku Yerusalemu umene ukusimbidwa pa Machitidwe 15 unagamula kuti anthu a mitundu ina asakakamizidwe kusanduka Ayuda kuti atsate Khristu, ndipo Paulo atafika ku Atene analalikira potchula mawu a alakatuli a Agiriki eni akewo. Martin Luther atatulutsa Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522, chimene chinafalitsa ntchito yake ndi makina osindikizira mabuku, omwe anali asanathe n'komwe zaka 100 ku Ulaya. Wailesi itangoyamba kumene, siteshoni ya KDKA ya ku Pittsburgh inaulutsa mapemphero a mpingo wa Calvary Episcopal mu January 1921, ndipo patatha zaka 10 Papa Pius XI anatsegulira wailesi ya Vatican imene Guglielmo Marconi anaikonza. Mu 1963 msonkhano wachiwiri wa Vatican, wa mabishopu a Katolika, unatsegula njira yoti zinenero za anthu zizimveka pa Misa m'malo mwa Chilatini chokhachokha. Pulogalamu ya Baibulo ya pafoni ya YouVersion, imene mpingo wina wa ku Oklahoma unayambitsa mu 2008, inali itaikidwa m'mafoni maulendo 500 miliyoni pofika mu 2021.

Zipatso za kubwereka kotereku n'zosabisika. Mu 1910, pamene nthumwi pafupifupi 1,200 zinasonkhana ku Edinburgh kukambirana za ntchito ya umishoni, zambiri mwa izo zinali zochokera ku Ulaya ndi ku North America, ndipo malinga ndi bungwe la Pew Research Center, Akhristu awiri mwa atatu alionse padziko lapansi nthawi imeneyo ankakhala ku Ulaya. Pofika mu 2010, ku Ulaya kunatsala gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a Akhristu onse, pamene mayiko a mu Africa a kummwera kwa chipululu cha Sahara, amene mu 1910 anali ndi Mkhristu mmodzi pa Akhristu 100 alionse a padziko, anali atafika pa 24. Chikhulupirirochi chinazika mizu kumene chinalankhula chinenero cha eni nthaka ndi kuimbidwa m'maimbidwe awo. Choncho amene amati mpingo udzipatule kotheratu ku chikhalidwe cha nthawi yake akupempha chinthu chosatheka, ndipo nthawi zambiri chimene akuteteza ndi chikhalidwe cha zaka 50 zapitazo, chomwenso pa nthawi yake akuluakulu ankachidzudzula kuti n'cha dziko.

Komabe chida ndi muyeso n'zosiyana. Chida munthu amachigwira, akatha nacho n'kuchiika pansi, pamene muyeso umamuuza chimene chili chofunika ndi chimene angachitaye, ndipo akaulandira amayamba kusankha zochita zake zonse motsatira muyesowo ngakhale pakamwa pake pakutuluka mawu ena. Muyeso wa pamsika unalowa mumpingo kudzera m'mantha komanso mumpikisano. Kumayiko a azungu mantha ake ndi omveka. Bungwe la Gallup linapeza kuti mu 2020 anthu 47 okha pa 100 alionse ku America anali mamembala a tchalitchi, sunagoge kapena mzikiti, pamene mu 1999 anali 70, ndipo kalembera wa mu 2021 ku England ndi Wales anaonetsa kuti kwa nthawi yoyamba odzitcha Akhristu anali osakwana theka la anthu onse. Mbusa amene akuona mabenchi akutsala opanda anthu chaka ndi chaka sitingamudzudzule akamafunsa chimene angachite kuti anthu abwerere. Kumene Chikhristu chikukula, monga mu Africa, ku Latin America ndi mbali zina za Asia, vuto lake ndi lina koma mapeto ake ndi amodzimodzi, chifukwa mumsewu umodzi mumatha kukhala mipingo isanu, uliwonse uli ndi chikwangwani chake ndi zokuzira mawu zake, ndipo uliwonse ukudziwa kuti munthu amene sanasangalale lero, Lamulungu lotsatira akakhala kwa mnzake.

Maganizo amenewa ali ndi aphunzitsi ake. Donald McGavran, amene anali mmishonale ku India ndipo kenako anakaphunzitsa pa sukulu ya zaubusa ya Fuller ku California, ananena kuti anthu amakonda kukhala Akhristu popanda kuwoloka malire a mtundu, chinenero kapena chuma, motero mpingo umakula msanga ukakhala wa anthu ofanana. Zimene anaonazo n'zoona, ndipo aliyense amene anayesapo kudzala mpingo akhoza kuchitira umboni. Koma njira ikhoza kubweretsa anthu ambiri n'kukhalabe yotsutsana ndi chimene mpingo unakhazikitsidwira. Mpingo wa Willow Creek kufupi ndi Chicago, umene unayamba mu 1975, unamangidwa pofunsa anthu osapemphera, khomo ndi khomo, chimene chimawagwetsa ulesi kutchalitchi, n'kukonza mapemphero ochotsamo zinthu zimenezo. Anthu masauzande ambiri anabwera, ndipo abusa ochokera m'mayiko osiyanasiyana anapita kukaphunzira njirayo. Mu 2007 mpingo womwewo unatulutsa zotsatira za kafukufuku amene unachita pakati pa anthu ake, ndipo unavomereza poyera kuti kuchuluka kwa zochitika za pampingo zimene munthu amatengako mbali sikunkasonyeza kuti akukula m'chikondi cha pa Mulungu ndi pa anzake, komanso kuti ena mwa Akhristu okhwima kwambiri ndi amene anali osakhutira. Ndimaulemekeza mpingowu chifukwa cha kulimba mtima kumeneku. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti njira yake inafalikira dziko lonse, pamene kuvomereza kwakeko anakumva ndi anthu ochepa.

Kuti tione mmene muyesowu umagwirira ntchito, tiyang'anitsitse mwambo umodzi wa mapemphero wa mtundu umene wafala m'mizinda ya padziko lonse. Magetsi a kumene kwakhala anthu amazimitsidwa, kuwala konse n'kulunjika pansanja pamene pali oimba ndi makamera. Zokuzira mawu zimakwezedwa mpaka munthu osamva mawu a amene waima pambali pake, ngakhale ake omwe. Nyimbo imayambira pamwamba pamene woimba wophunzira yekha ndi amene angafikepo, ndipo mawu ake amasintha pa sikirini mofulumira moti mayi wachikulire amene maso ake anayamba kuchita chidima amangogwedeza milomo kwa kanthawi, kenako n'kuleka, n'kukhala pansi atafumbatira chikwama chake pamiyendo. Palibe amene wamulakwira mwadala, ndipo mutamufunsa potuluka akhoza kukuuzani kuti mapemphero anayenda bwino. Koma mayi ameneyu, yemwe kwa zaka zambiri mawu ake anali mbali ya kuimba kwa mpingo, wasanduka woonerera, ndipo palibe kaundula amene adzalembe za kutayika kumeneku, popeza pa chiwerengero cha obwera tsiku limenelo iye wawerengedwa.

Nyimbo zimene zikuimbidwazo zilinso ndi nkhani yake. Ofufuza ena anaonetsa mu 2023 kuti pafupifupi nyimbo zonse zatsopano zimene zinkaimbidwa kwambiri m'mipingo ya ku America pakati pa 2010 ndi 2020 zinachokera, kapena zinatchukira, m'mipingo inayi yokha ikuluikulu, yomwe ndi Hillsong, Bethel, Elevation ndi Passion, ndipo nyimbo zomwezo zimamasuliridwa n'kumaimbidwa kutali kwambiri ndi kumene zinapekedwa. Zina mwa izo ndi zabwino, sindikukana. Nkhawa yanga ili pa zimene zikusowa. Masalimo ambiri ndi madandaulo a munthu amene akufunsa Mulungu kuti akhala chete kufikira liti, koma kulira kotereku sikuyenda malonda, ndipo mpingo umene umaimba za chipambano chokhachokha umasiya wamasiye, wodwala khansa ndi wochotsedwa ntchito alibe mawu oti apemphere nawo. Ulalikinso ukusintha mofananamo. Mlaliki amene akudziwa kuti Lolemba achinyamata oona zofalitsa nkhani adzadula masekondi 40 a ulaliki wake kuti aikidwe pa TikTok ndi Facebook amayamba, mwina osazindikira, kukonza ziganizo zoombetsa m'manja zoti zidzadulidwe bwino. Ndime zovuta za Malemba, zimene zimafuna kufotokozedwa pang'onopang'ono ndipo zimasiya omvera ali duu, sizikwana m'masekondi 40, choncho zimayamba kulambalalidwa.

Amene amateteza zonsezi amati popanda kutero achinyamata athawa. Mantha amenewa ndimawamvetsa, koma ndikukayika ngati mpingo ungapambane pa mpikisano wa zosangalatsa, chifukwa wachinyamata ali ndi foni m'thumba imene imamupatsa oimba, anthabwala ndi mafilimu apamwamba kuposa chilichonse chimene mpingo wa m'dera ungakonze. Chimene foniyo singamupatse ndi munthu wamkulu wosakhala kholo lake amene amamudziwa dzina, amazindikira akapanda kubwera, ndiponso amamupatsa ntchito yeniyeni yoti agwire pakati pa anthu. Tikawapatula achinyamata n'kuwapangira mapemphero awoawo, a msinkhu wawo okhaokha, timawachotsera chinthu chomwecho chimene sakanachipeza kwina.

Muyeso wa kutchuka ukakhazikika, mbusa amasiya kukhala wantchito wa mpingo n'kusanduka chuma chake chachikulu, ndipo anthu amayamba kumuteteza m'malo momulangiza. Mpingo wa Mars Hill ku Seattle unayamba mu 1996 ndipo unakula mpaka kukhala ndi nthambi zoposa 10 ndi anthu masauzande ambiri, koma mbusa wake Mark Driscoll atatula pansi udindo mu October 2014, potsatira madandaulo a abusa anzake okhudza utsogoleri wouma mtima, sipanathe miyezi itatu mpingowo unali utatha, nthambi zina n'kupitirira pazokha. Madandaulowo sanayambe chaka chimenecho. Anthu anali atalankhula kalekale, koma chiwerengero chinkakwera, ndipo chiwerengero chikamakwera wodandaula amaoneka ngati wolimbana ndi ntchito ya Mulungu. Kwina amamutseka pakamwa ndi vesi lakuti musakhudze odzozedwa anga, ngati kuti mneneri Natani sanaloze chala mfumu Davide, kapena kuti Paulo sanatsutse Petro pamaso pa anthu onse ku Antiokeya.

Kumene anthu ali pa umphawi zinthu zimafika poipitsitsa, chifukwa madalitso enieniwo amasanduka katundu wogulitsa. Anthu amauzidwa kuti afese mbewu ya ndalama kuti akolole ntchito, banja kapena machiritso, amagulitsidwa mafuta, madzi ndi timipango, ndipo kuonana ndi munthu wa Mulungu kumakhala ndi mtengo wake. Malonda amenewa si achilendo, pakuti Petro anakana ndalama za Simoni wamatsenga, ndipo mkangano wa Martin Luther wa mu 1517 unabuka chifukwa cha kugulitsa zikalata za chikhululukiro. Chachilendo ndi liwiro limene kanema ndi foni zimafalitsira malondawa, komanso kuti galimoto ndi ndege za mlaliki zimaonetsedwa monga umboni wakuti Mulungu ali naye. Akatswiri a zaumulungu a gulu la Lausanne, lolimbikitsa kufalitsa Uthenga Wabwino padziko lonse, ambiri mwa iwo a mu Africa, anakumana ku Akropong m'dziko la Ghana mu 2008 ndi 2009 ndipo anadzudzula chiphunzitsochi mosapita m'mbali, koma anavomerezanso kuti chimamera bwino pakati pa umphawi wadzaoneni, pamene anthu agwiritsidwa mwala ndi andale komanso mabungwe. Mfundo yachiwiriyi mipingo yodzudzula isamaidumphe. Mayi amene akugula botolo la mafuta chifukwa mwana wake akudwala si wopusa, ndipo funso loyamba liyenera kupita kwa mpingo umene iye anachokako, kuti unamuchitira chiyani mwanayo atayamba kudwala.

Mtsogoleri wopanda womufunsa amafika patali. Ku South Africa, mlaliki wina amene ankapopera anthu ake mankhwala ophera tizilombo kumaso anapezeka wolakwa kukhoti mu 2018, ndipo chaka cha 2017 bungwe loona za ufulu wa zipembedzo ndi zikhalidwe m'dzikolo linali litatulutsa kale lipoti lokhudza kusandutsa chipembedzo kukhala malonda. Ku Kenya, m'nkhalango ya Shakahola munafukulidwa mitembo yoposa 400 mu 2023, ya anthu amene akuti anauzidwa kuti asale kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu. Boma la Rwanda linatseka nyumba zopempherera mazanamazana mu 2018 n'kukhazikitsa lamulo lakuti alaliki azikhala ndi maphunziro a zaumulungu. Ine sindikondwera boma likamasankha woyenera kulalikira, chifukwa mphamvu imeneyo mawa ikhoza kugwiritsidwa ntchito potseka pakamwa mlaliki wodzudzula katangale. Koma boma limalowerera pamene mipingo yalephera kudzilanga yokha, ndipo abusa amene amakhala chete mnzawo akamabera amphawi, poopa kutchedwa ansanje, ali ndi gawo lawo pa malamulo okhwima amene amadzawagwera onse.

Mipingo yakale, ya malamulo olembedwa ndi misonkhano ya akuluakulu, isadzitame ikamamva zimenezi, pakuti nayonso inatengera kudziko khalidwe la kampani yoteteza dzina lake. Ku France, komiti yoima payokha inayerekeza mu October 2021 kuti ana pafupifupi 216,000 anachitiridwa nkhanza zogonana ndi ansembe komanso ena odzipereka ku utumiki wa mpingo wa Katolika kuyambira mu 1950. Mu May 2022 lipoti lina linaonetsa kuti atsogoleri ena a Southern Baptist Convention, bungwe lalikulu la mipingo ya Baptist ku America, kwa zaka zambiri ankanyalanyaza odandaula pofuna kupewa milandu. Mu November 2024 Justin Welby, Arkibishopu wa Canterbury, analengeza zotula pansi udindo lipoti litasonyeza kuti mpingo wa Anglican ku England unalephera kuchitapo kanthu pa nkhanza za John Smyth, munthu amene anazunza anyamata ku England, kenako n'kusamukira ku Zimbabwe mu 1984 kumene anakapitiriza zomwezo. M'nkhani zonsezi munali anthu amene ankadziwa, ndipo atayerekeza mwana wovulazidwa ndi mbiri ya mpingo, anasankha mbiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chowawa n'chakuti m'nkhani zambiri zoterezi choonadi chinaululika chifukwa cha ovulazidwawo, atolankhani, maloya ndi makhoti, ndiye kuti dziko lomwelo limene timalilalikira kuti lilape ndi limene linakumbutsa mpingo zimene Malemba ake anali atauuza kale. Mlaliki amene amathera mphamvu zake podzudzula machimo a anthu akunja akumbukire kuti Paulo anafunsa Akorinto kuti iye ali nazo chiyani zoweruza akunja, n'kuwauza kuti aweruze za m'kati mwawo.

Za mtundu ndi ndale ndingokhudzapo pang'ono. Mu 1857 sinodi ya mpingo wa Dutch Reformed ku Cape, m'dziko la South Africa, inavomereza kuti ngakhale Malemba amafuna kuti onse azipemphera pamodzi, anthu akuda akhoza kumasonkhana paokha chifukwa cha kufooka kwa ena, kutanthauza azungu amene sankafuna kudya nawo Mgonero. Chinayamba ngati kukondweretsa mamembala ena chinakula mpaka kukhala chiphunzitso chotetezera ulamuliro watsankho, ndipo panapita zaka zoposa 120 kuti chivomerezo cha chikhulupiriro cha Belhar, cholembedwa mu 1982, chinene poyera kuti kugawa mpingo potengera khungu ndi tchimo. Ku Rwanda, dziko limene anthu ake ambiri anali obatizidwa, woyeza ndi chiwerengero akananena kuti ntchito ya Uthenga Wabwino inatheka, koma mu 1994 anthu masauzande anaphedwera m'kati mwa matchalitchi a ku Nyamata ndi Ntarama kumene anathawira.

Wina anganene kuti ndikudana ndi kukula kwa mpingo, n'kundikumbutsa kuti buku la Machitidwe limawerenga anthu 3,000 amene anabatizidwa pa tsiku la Pentekoste. N'zoona, ndipo nambala iliyonse ndi munthu amene Khristu anamufera. Mpingo waung'ono si woyera chifukwa cha kuchepa kwake. Ilipo mipingo ya anthu 40 imene banja limodzi limailamulira mosafuna kufunsidwa, ndipo ilipo ina imene sikukula chifukwa cha ulesi ndi kusalandira alendo. Mipingo ikuluikulu yambiri imadyetsa anjala ndi kuphunzitsa ana kuposa mmene yaing'ono ingathere, ndipo mpingo wa Yoido ku Seoul, umene unayamba mu 1958 n'kufika pokhala ndi mamembala mazana a masauzande, unazindikira kuti khamu palokha silisamala munthu, n'chifukwa chake unagawa anthu ake m'timagulu tokumana m'makomo. Koma tiwerengenso mavesi otsatira pa Machitidwe 2. Wolembayo atangotchula anthu 3,000, akufotokoza kuti iwo ankalimbikira chiphunzitso cha atumwi, ankanyema mkate m'nyumba zawo ndiponso ankagulitsa katundu wawo kuti athandize osowa, ndipo izi ndi zimene akutherapo mawu ambiri. Pa Yohane 6, ambiri atachoka chifukwa cha mawu olimba, Yesu sanafewetse uthenga kuti abwerere, anangofunsa khumi ndi awiri aja ngati nawonso akufuna kupita.

Mapemphero a pa intaneti nawonso sindikuwanyoza. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utatseketsa matchalitchi, moti pa 27 March Papa Francis anapemphera m'bwalo lopanda anthu la St Peter's ku Vatican mvula ikugwa, foni ndi kanema zinathandiza anthu mamiliyoni kumva Mawu. Kwa wodwala amene ali gone, kwa wogwira ntchito usiku ndi kwa Mkhristu wokhala m'dziko limene kusonkhana n'koletsedwa, ulaliki wa pafoni ndi mphatso yaikulu. Koma zitseko zitatsegulidwanso ena sanabwerere, chifukwa anapeza kuti akhoza kumvera mlaliki waluso kuposa mbusa wawo ndi nyimbo zokoma kuposa za kwaya yawo popanda kupirira munthu aliyense. Ngati mpingo ndi ulaliki ndi nyimbo basi, anthu amenewa sanalakwitse, ndipo amene tinawaphunzitsa kuganiza choncho ndi ife tomwe.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti mpingo ukutaya chuma chake pa nthawi imene dziko likuchisowa. Boma la Britain linasankha nduna yoona za kusungulumwa mu 2018, mkulu wa zaumoyo ku America anachenjeza mu 2023 kuti kusungulumwa kwasanduka mliri, ndipo chaka chomwecho bungwe la World Health Organization linakhazikitsa komiti yapadera yoona za vutoli. Mapulogalamu a pafoni amaphunzira zimene munthu amakonda n'kumamubweretsera zomwezo, pamodzi ndi anthu oganiza ngati iye, mpaka amaiwala mmene angakhalire ndi munthu wosiyana naye. Pakati pa zonsezi, mpingo wamba wa m'dera ndi amodzi mwa malo ochepa amene atsala kumene anthu amene sanasankhane amakhala pa benchi limodzi sabata ndi sabata, bwana ndi wantchito wake, wophunzira ndi wosadziwa kuwerenga, khanda lolira ndi gogo wosamva bwino, ovotera zipani zodana, onse n'kupita ku gome limodzi la Ambuye. Kukhala kotereku n'kotopetsa, kumabweretsa mikangano, ndipo palibe mlangizi wa zamalonda amene angakuyamikire. Atumwi anadziwa kuti n'kovuta, n'chifukwa chake Yakobo anadzudzula mpingo umene umapereka mpando wabwino kwa wovala mphete yagolide n'kuuza wosauka kuti aime uko, ndipo Paulo anauza Akorinto kuti chimene ankadya sichinali Mgonero wa Ambuye, popeza olemera ankakhuta osauka akuyang'ana. Julian, mfumu ya Roma imene inkafuna kubwezeretsa chipembedzo cha milungu yakale, anadandaula m'kalata yake cha m'ma 362 kuti Chikhristu chinkakula chifukwa cha kukomera mtima alendo ndi kusamala manda a akufa, ndiponso kuti Akhristu ankadyetsa amphawi awo pamodzi ndi amphawi a anthu osakhala Akhristu. Munthu ameneyu ankadana ndi mpingo, koma anaona bwino pamene panagona mphamvu zake.

Sindikupempha kuti mipingo ileke kuwerenga. Ndikupempha kuti akulu a mpingo akakhala pansi pa msonkhano wawo awerengenso zina. Ndani amene sanaoneke kwa milungu itatu, ndipo anapita kukamuona ndani? Pa ndalama zimene zalowa chaka chino, ndi zingati zapita kwa amasiye ndi odwala poyerekeza ndi zimene zagulira zokuzira mawu? Kodi alipo munthu mumpingo muno amene angauze mbusa kuti walakwa popanda kuthamangitsidwa? Nanga mwana akanena kuti mtsogoleri wamugwira mosayenera, nkhaniyo ikafika kupolisi kapena ithera mu ofesi ya mpingo? Mayankho a mafunso amenewa alibe chithunzi chokongola choika pa Facebook, ndipo mpingo umene ungawatsate ukhoza kutaya anthu ena, makamaka amene amapereka zambiri ndipo anazolowera mpando wakutsogolo. Akulu ayenera kudziwiratu mtengo umenewu asanayambe, kuti chopereka chikatsika asabwerere m'mbuyo.

Udindowu si wa abusa okha. Ife okhala m'mabenchi ndi amene timasamuka mpingo chifukwa chakuti kwina kuli nyimbo zokoma, ndi amene timatumiza chakhumi kwa mlaliki wa pa kanema n'kusiya mbusa amene anayendetsa maliro a makolo athu, ndiponso ndi amene timakhala chete lipoti la zachuma likapanda kuwerengedwa kwa zaka. Mbusa amene amayeza ntchito yake ndi khamu kawirikawiri amatero chifukwa ife tinamuonetsa kuti n'zimene timalemekeza, ndipo akuluakulu amene amamusamutsa kapena kumukweza amayang'ananso ziwerengero zomwezo. Mbusa wa mpingo wa anthu 80 amene amathera masiku a m'kati mwa sabata m'zipatala, m'ndende ndi m'makomo a okalamba sakonda kuitanidwa kukalankhula pa misonkhano ya atsogoleri. Masukulu ophunzitsa abusa, masinodi ndi mabungwe a mipingo akuyenera kufotokoza chifukwa chake achinyamata ofuna ubusa akamasonkhanitsidwa kuti amve kwa munthu amene zinamuyendera, amene amaima patsogolo pawo amakhala mwini khamu.